Msomali Wolembera pa Simenti Yaiwisi

Msomaliwo ulipobe. Ndi wautali ngati chala changa chapakati, wopindika pang'ono kumutu, ndipo kunsonga kwake kunakakamira kasimenti kamene sikanachoke mpaka lero. Umakhala m'kapu ya zolembera patebulo langa. Anzanga amene timaunika limodzi ndakatulo za ana a sukulu pamipikisano amauyesa chinyalala. Wina anafuna kuutaya, ndinachita kumulanda. Amalume anauzula pachigafa cha fodya cha bambo, kwathu kufupi ndi Santhe, chaka chimene ndinali Sitandade 8.

Bambo anamwalira mvula ili pakati, fodya atangoyamba kuthyoledwa. Abale awo anavomera kuti agone kwathu, poti anali atakhalitsa pachikamwini. Za maliro ndimakumbukira matope a kumanda ndi fungo la zitenje zonyowa. Sindinalire. Azimayi ena ankanditsina pantchafu kuti mwina ndiyambe, koma m'kati mwangamu munangoti zii, ngati m'nyumba imene eni ake asamuka. Mayi analira masiku a maliro okha, kenako anamanga chitenje n'kubwerera kumunda, chifukwa masamba anali akupsa. Tinathyola, tinasoka, tinapachika pamikangala m'chigafa. Phula la fodya linkatidetsa manja mpaka chakudya n'kumawawa. Bambo sitinkawatchula. Tinkadya, tinkagona, kunja n'kucha.

Kwathu ziliza zimamangidwa fodya akagulitsidwa, m'miyezi ya chisanu, mphepo ikamanyamula fumbi m'minda yopanda kanthu. Masiku amenewo mawu a pachiliza sankalembedwa ndi penti. Mmisiri ankasalaza simenti pamwamba, n'kukanda zilembo ndi msomali isanaume. Pankakwana dzina, zaka, ndi mzere umodzi basi. Ikauma, zatha, palibe chofufutira. Amalume, mchimwene wawo wa mayi, ndiwo anali mmisiri, ndipo mzere wawo unali umodzimodzi pamanda onse a m'mudzimo: "Usani mumtendere." Koma tsiku lina mayi, akusesa zinyenyeswa za fodya m'chigafa, anati osadzutsa n'komwe mutu, "Mawu asankhe ndi mwanayu. Si ndiye amakhoza Chichewa kusukulu?"

Aphunzitsi athu a Chichewa anali bambo wowonda, wa jekete limodzi chaka chonse, choko mpaka m'tsitsi. Anali ndi njira yawoyawo yoweruzira zolemba zathu. Wolemba ankaimirira kutsogolo n'kuwerenga mokweza, ndipo aliyense womva mawu amene anawamvapo kale kwina ankagogoda padesiki. Dzuwa likangoti "lamwetulira", kalasi yonse gogogo! Mtsikana akangokhala "wa khosi ngati nswala", gogogo! Aphunzitsiwo ankadikira phokoso lithe, n'kufunsa mofatsa, "Mawu amenewa ndi ako, kapena wabwereka?" Ankati mawu obwereka ali ngati suti yobwereka paukwati, imaonekera m'mapewa. Tinkawaopa, tinkawaseka kumbali, koma zimene ndimachita lero ndi cholembera chofiira ndinazitola kwa iwo.

Ndinalemba ndakatulo yodzaza tsamba, ndikuganiza kuti mzere wa pachiliza ndiutola momwemo. Munali zonse: bambo anali mzati wa banja, imfa inali yankhanza, misozi yanga inasefukira ngati mtsinje wa Bua. Polemba sindinamve kalikonse, koma zinkaoneka ngati za maliro ndithu. Ndinaopa magogogo a anzanga, choncho ndinawapezera aphunzitsi pansi pa mtengo nthawi yopuma. Sindinawauze kuti ndi za pachiliza, iwonso sanafunse.

"Unalira misozi yodzaza Bua?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Nanga pang'ono pokha?"

"Ayi."

Anandiyang'ana kanthawi, n'kudula mzerewo. Anadulanso mzati, nati mzati umenewo amaumva pamaliro aliwonse, ngakhale a munthu amene sankagona pakhomo. Imfa yankhanza inapitanso. Tsamba lonse linafiira, ndipo ine ndinangoima, ndikuyang'ana nyerere zikukwera nsapato yawo.

"Ndiuze chinthu chimodzi chimene bambo ako ankachita, chimene bambo a mnzako sachita."

Ndinaganiza mpaka belu linatsala pang'ono kulira. Kenako ndinakumbukira mluzu. Madzulo pochokera kumunda, bambo akafika pamtengo wa mango wa pachulu, ankaimba mluzu. Siinali nyimbo ya kutchalitchi kapena ya pawailesi, kanali kanyimbo kawokawo, kokwera kenako n'kutsika. Ukangomveka, galu ankathamangira kunjira, ndipo mayi ankasiya chilichonse n'kutereka madzi osamba. Ndinalemba kuti, "Munkaimba mluzu wokoma madzulo." Aphunzitsi anadula "wokoma", nati ndikawauza kuti wokoma ndawalanda ntchito yomva okha. Anandifunsa chimene chinkachitika kwenikweni. Ndinati mluzu ndi umene unkayamba kufika pakhomo, eni ake pambuyo.

"Lemba zimenezo, usawonjezere."

Tsiku lomanga chiliza linali lozizira moti zala zinkakana kugwira ndowa. Atsikana tinkatunga madzi, amuna akukanya simenti, azimayi akuphika kumudzi. Fumbi la simenti linkalowa m'mphuno, milomo n'kuchita mbuu. Amalume atasalaza pamwamba anakanda dzina la bambo ndi zaka zawo, n'kundiitana. Ndinanena mzere wanga: "Mluzu wanu unkayamba kufika." Anandiyang'ana msomali uli m'mwamba.

"Iwe mtsikana, amenewo ndi mawu a pamanda? Anthu adzati tinaika mbalame."

Amuna ena anaseka. Ndinati aphunzitsi anavomereza, ndipo sindinasunthe. Lero ndimadabwa kumene ndinakutenga kuuma mutu kumeneko, chifukwa sikunali chikondi. Ndinkangodziwa kuti palibe akanagogoda padesiki. Amalume anagwira simenti ndi chala, naona kuti yayamba kulimba. Mlongo wawo anali atawauza kuti zimene mwana anene, alembe. Anapukusa mutu, nawerama. Msomali unkamveka khwee, khwee, ukutukula timizere ta simenti m'mbali mwa chilembo chilichonse. Atamaliza anandiponyera msomaliwo nati, "Tenga, ndi mlandu wako."

Mayi sanandifunse zimene ndinasankha. Anazimva limodzi ndi mudzi wonse patsiku lovundukula, akulu a mpingo atachotsa nsalu yoyera n'kuwerenga mokweza. Anawerenga dzina, anawerenga zaka, pamzere wachitatu anadodoma pang'ono, n'kuwerenga. Panalibe amene anaseka. Agogo ena a kwawo kwa bambo anati, "Eee, ndi yemweyo," n'kuyamba kulira ngati maliro ndi a dzulo. Ine ndinayang'ana mayi. Anali chiimire m'bulauzi yawo yoyera ya mvano, kenako anangokhala pansi pafumbi pomwepo, miyendo atatambasula. Anzawo anachita kuwanyamula m'khwapa. Ndinaona zonsezo ngati zikuchitikira anthu a mudzi wina, ndipo chimene chinkandivuta chinali chisanu cha m'mapazi.

Alendo atabalalika, mayi anandipeza ndikutsuka mapoto kuseri kwa nyumba. Anaima nthawi yaitali, n'kunena chinthu chimodzi chokha pa nkhaniyi, chimene sanachibwerezenso mpaka tsiku limene tinawagoneka pafupi ndi bambo.

"Ukanangolemba zimene amalemba onse, mwanawe."

Ndinamva ngati aphunzitsi ena andilepheretsa. Ndinkati mayi sadziwa ndakatulo, afanana ndi amalume. Sukulu itatsegulidwa ndinafuna kukawafunsa aphunzitsi kuti wolondola ndani, koma ndikawaona ndinkangopereka moni n'kudutsa.

Mpaka pano ndimakhulupirira kuti mzere uja ndi wabwino kuposa chilichonse chimene ndalemba kuyambira pamenepo. Ana akanditumizira mizati ndi mitsinje ya misozi ndimadula, n'kulemba m'mbali kuti, "Ndi ako kapena wabwereka?" Koma ndikaona kuti wamwalirayo ndi weniweni, dzanja langa limachedwa. Ndazindikira kuti "Usani mumtendere" ndi mawu amene munthu angathe kuwadutsa ataimirira, akupita kumaliro ena, osapunthwa. Alibe nkhope ya munthu aliyense, ndipo mwina n'chifukwa chake anthu amawafuna.

Chisanu chimenecho chisanathe, mayi anayamba khalidwe lachilendo. Dzuwa likamalowa, anyamata obusa ankadutsa ndi ng'ombe panjira ya kumango ija, akuziimbira mluzu. Chiyambire maliro mayi sankawalabadira. Ankapitiriza kupeta kapena kuwaza nkhuni ngati sakumva. Koma tsopano, fumbi la ng'ombe likangooneka patali, ankasiya lichero pansi, n'kulowa m'nyumba, kutseka chitseko, n'kukweza wailesi mpaka kumapeto. Nkhuku zinkadya chimanga cha m'licheromo, ine n'kumaziingitsa, ndikudandaula kuti mayi ayamba ulesi. Ndikawafunsa ankati fumbi limawatsokomoletsa, ndipo ndinawakhulupirira. Ndinafika powapempha anyamata aja kuti azidutsitsa ng'ombe chapatali, kuopa fumbi. Anamvera ndithu, anasintha njira, koma mluzu unkamvekabe.