Dzira Limodzi Kuchokera ku Armadale

Ndinatuluka m'nyumba ku Armadale 6 koloko m'mawa, m'mimba mulibe kanthu, ngakhale dontho la madzi, poti akuchipatala anandiletsa. Nthawi imene anandipatsa inali 8:15, ndipo namwino anabwereza kawiri pa foni kuti ndisachedwe.

Ine ndi amuna anga, a Yamikani, takhala zaka zisanu ndi zinayi opanda mwana. Kuno ku Perth tinayesa IVF, njira imene madokotala amatenga dzira la mkazi, kulikumanitsa ndi mbewu ya abambo kunja kwa thupi, kenaka n'kulibwezera m'chiberekero. Poyamba anandipatsa majakisoni ochulukitsa mazira, koma mimba inatupa mpaka ndinagonekedwa. Ndiye tinasankha kumangodikira dzira limodzi limene thupi limakhwimitsa lokha pamwezi. Dokotala sanatibisire. Anati thupi silizunzika kwambiri, koma mwayi pa ulendo umodzi ndi wochepa, komanso dziralo likhoza kutuluka lokha asanalitenge. Miyezi iwiri m'mbuyomo zinatichitikira zomwezo. Tinafika, anaunika, n'kupeza lapita.

A Yamikani anali akumaliza shifiti ku fakitale ku Welshpool, choncho tinagwirizana kuti tikakumana ku kiliniki m'tauni. Ndinagunditsa khadi pa makina a pasiteshoni n'kukwera sitima. M'menemo munadzaza anthu a majekete owala a kuntchito, aliyense ndi kapu ya khofi. Sindinadziwe kuti khofi wa munthu wina amanunkhira chonchi ukakhala ndi njala.

Titadutsa Gosnells sitima inayamba kukwawa, kenaka n'kuima pakati pa njira. Mawu anamveka kuti kutsogolo kwagwa chinthu pa njanji, tidikire pang'ono. Nthawi inali 6:50.

Pamenepo m'pamene ndinamva kulasa kumanzere kwa chinena. Ululu umenewo ndimaudziwa, umabwera dzira likamatuluka. Ndinapanikiza chikwama pamimba ngati kuti ndingalitsekereze.

Mayi wina wa yunifolomu ya osamalira okalamba, amene anakhala moyang'anizana nane, anandimva ndikuti "Ambuye" chapansipansi. Anali wa ku Zambia.

"Amai, muli che bwino? Tengani manzi," anatero akundipatsa botolo.

"Zikomo, sandilola kumwa. Ndili ndi opareshoni yaing'ono 8 koloko."

Sanafunse zambiri. Anangoyang'ana wotchi yake, n'kuyang'ananso ine. "Muzafika," anatero.

Itakwana 7:15 tidakali pomwepo, ndinaimbira a Yamikani.

"Sitima yaima, ndipo ndikumva kulasa."

Iwo anati, "Ikanyamuka mutsikire pa Cannington. Ndikubwera ndi galimoto."

Inanyamuka 7:25. Pa Cannington mayi uja anandilambulira njira ndi chigongono mpaka pakhomo. Dzina lake sindinalifunse.

A Yamikani ndinawapeza injini ikulira, akadali m'nsapato za kuntchito. Pa msewu wa Albany maloboti onse anachita ngati apangana, lililonse lofiira. Tili pa mlatho wolowera m'tauni, iwo anati, "Likakhala lapita, si vuto lanu." Ndinayang'ana kumtsinje kuti asaone nkhope yanga.

Tinafika 8:10. Namwino anandiveka chovala chotseguka kumbuyo n'kundigoneka, a Yamikani anawatengera ku chipinda china kukapereka mbewu. Dokotala anayamba kuunika, maso ali pa sikirini. Ndinawerenga magetsi a kudenga mpaka kusokoneza.

"Kathumba ka dzira kalipo," anatero. "Musagwedezeke."

Singano inalowa. Timadzi timene anakoka anatipereka pa kawindo kolowera ku labu. Kenaka mawu a mtsikana wa mkatimo anamveka: "Taliona. Limodzi."

Ndinalira mpaka namwino anandibweretsera tiyi ndi masikono awiri, n'kukhala pambali panga. Anandikumbutsa mofatsa kuti ulendo sunathe. Dziralo liyenera kugwirana ndi mbewu, likule, ndipo akalibwezera likhazikike. Paliponse pamenepo likhoza kulephera.

Tikubwerera, a Yamikani anandifunsa ngati tiuze amayi kumudzi. Ndinati ayi, tidikire foni ya mawa yochokera ku labu. Njira imeneyi yandiphunzitsa kusangalalira pamene ndafika, osati pamene ndikupita. Tsiku limenelo ndinafika pa nthawi yake, ndipo dzira langa linatsala m'manja mwa anthu odziwa ntchito yawo. Ndinatsamira pa windo la galimoto n'kugona tisanatuluke m'tauni.