Nyimbo za Msodzi Zimene Ndinafufuta

Zaka zija za chipani chimodzi ndinkagwira ntchito pa kampani ina yaing'ono yojambula nyimbo. Likulu lake linali ku Blantyre, koma pa boma la Nsanje tinali ndi kachipinda kuseri kwa sitolo ya nsalu. Munali makina ojambulira mawu, mabatire awiri a galimoto ndi shelefu ya matepi akuluakulu, ozungulira ngati mbale. Anandilemba ntchito chifukwa ndimalankhula Chimang'anja ndi Chisena, komanso sindimwa mowa. Mwini kampani ankabwera pa landirova misewu ikauma. Anali munthu wanthabwala, wodziwa nyimbo yabwino akaimva, ndipo ankanditcha Abusa, chonsecho ine ndinkangotsogolera kwaya ya mpingo wathu.

Chaka china tinamva za msodzi wina wa m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh amene ankaimba bangwe. Tinamupeza m'mawa akuyanika milamba pathandala, mkazi wake akupirikitsa ntchentche ndi nthambi. Msodziyo anali wamkulu kale, wachifuwa chosatha. Atakhala pansi pa mtengo wa bwemba n'kuyamba kukhwacha zingwe, ngakhale amayi amene ankapita kudimba anatula makasu. Ankaimba m'Chisena. Nyimbo ina inali ya mwana wake amene anawoloka kupita ku Mozambique osabwerako. Ndinaona bwana akupukuta m'maso, kenaka n'kunamizira thukuta.

Titamaliza, msodziyo anatsokomola, analoza makina n'kufunsa kuti, "Zalowadi m'bokosimo?"

"Zalowa, bambo," anatero bwana. "Mawu anu sadzafa."

Tepi ija inakhala pashelefu miyezi isanu. Bwana atabweranso anaitenga, anaizunguza pachala.

"Abusa, iyi tiika kwaya yanu."

"Bwana, imeneyo ndi ya msodzi uja."

"Ndikudziwa. Mundiuze, pa wailesi munamvapo Chisena? Ndipo aja a boma ounika nyimbo akadzandifunsa kuti mwana ameneyu anapita ku Mozambique kukatani, mudzakandiyankhira ndinu? Ine ndili ndi antchito ndi mabanja awo. Makaseti a kwaya ndi amene akuyenda. Matepi akusowa, sagona pashelefu ngati mlendo wodwala."

Sanakalipe. Anandisisita paphewa n'kunena kuti, "Simukufuna kuti Ambuye wanu amveke m'basi?"

Apa ndiye pamene ndiyenera kunena zoona pamaso pa Mulungu. Ndinakondwa. Zaka zonse ndinkalota kuti kwaya yathu idzamveke pa kaseti. Bwana atachoka ndinali ndi masiku atatu, ndipo kusamutsira nyimbo za msodziyo pa kaseti wamba inali ntchito ya ola limodzi. Makaseti opanda kanthu analipo m'katoni. Tsiku loyamba ndinali kuphunzitsa amayi a mawu apamwamba. Lachiwiri ndinali kusaka malaya oyera. Lachitatu kwaya inafika, anthu atavala yunifolomu m'dzuwa la Okutobala, ena atayenda wapansi kuchokera kwa Malemia. Ndinauza mtima wanga kuti lamulo si langa. Tinapemphera, ndinakweza tepi pamakina, ndinadina batani lofiira ndi chala changa. Makina amenewo amafufuta zakale kwinaku akujambula zatsopano, ndipo sachita phokoso.

Kaseti inayenda kwambiri. Inkamveka m'masitolo, m'mabasi, m'maliro.

Mvula itatha, masana ena kunabwera mayi wina wovala zakuda, mutu wometa. Anakhala pansi pakhomo, anakana mpando. Ndinamuzindikira ndi mmene ankagwedezera dzanja popirikitsa ntchentche.

"Baba," anatero, "amuna anga aja anatisiya. Chifuwa chija. Ankati mawu awo ali kuno m'bokosi. Sindikufuna kutenga kanthu ayi. Ndingowamva basi, ndibwerere."

Anali atakwera bwato, kenaka kuyenda wapansi, kenaka lole ya thonje. Ndinafuna kunama kuti tepi ili ku Blantyre. Bodzalo linafika pamilomo, koma ndinaona kuti akanapita ndithu ku Blantyre. Ndinagwada pafupi naye n'kumuuza zonse, osabisa za masiku atatu aja.

Sanalire. Anati, "Ndiye m'malo mwa iwowo muli chiyani?"

"Nyimbo za Mulungu, mayi."

"Ikani ndimve zimene zinawagona pamwamba."

Ndinakweza tepi. Kwaya inaimba, mawu anga ali patsogolo, omveka bwino kwambiri. Mayiyo anamvetsera nyimbo zonse, maso ali pansi. Ine ndinkaganiza za mneneri uja amene anauza mfumu nkhani ya munthu wolemera, wa ziweto zambiri, amene analanda kamwana ka nkhosa kamodzi kokha ka mmphawi. Ife tinali ndi Lamulungu lililonse loti tiimbe. Msodziyo anali ndi m'mawa umodzi.

Ameni womaliza atatha ndinatambasula dzanja kuti ndizimitse, koma tepi inali itatsala pang'ono, kumene kwaya sinafike. Kunamveka mpweya, kenaka chingwe chimodzi cha bangwe chikuzirala. Munthu anatsokomola.

"Zalowadi m'bokosimo?"

"Zalowa, bambo. Mawu anu sadzafa."

Tepi inatha, nsonga yake n'kumamenya makina.

Mayiyo anagwira pakamwa. "Ndi iwowo. Chifuwa chawocho. Bwezani, baba."

Ndinabweza. Ndinabwezanso mpaka batire linayamba kufooka ndipo mawu anayamba kukoka ngati a munthu amene ali pansi pa madzi. Pamenepo anati basi.

Ndinatenga lezala imene tinkadulira matepi, ndinadula kachidutswa kokhala ndi mawu a msodziyo, ndinakakulunga pa kamtengo ka machesi n'kumupatsa. Ndinamuuza kuti popanda makina sikangalankhule. Anati akudziwa. Anakamanga pangodya ya chitenje, anaomba m'manja n'kunena kuti, "Takhuta." Mawu othokozawo ndi amene andilemera kuposa matemberero onse amene akananena.

Bwana atabwera ndinamuuza kuti ndinadula katundu wa kampani. Ndinkayembekeza kuchotsedwa ntchito. Iye anakanda mutu n'kufunsa kuti, "Msodzi uti, Abusa?" Sankanamizira. Anali ataiwaladi, ndipo anayamba kukamba za kwaya ina ya ku Chikwawa.

Kampaniyo inatha kalekale. Ine ndinalapa, ndipo ndimakhulupirira kuti Ambuye anandikhululukira, pakuti chifundo chawo n'chachikulu kuposa chala changa. Koma nyimbo zija sizinabwerere, ndipo palibe wina amene ankazidziwa. Ine ndemwe ndimakumbukira mzere umodzi wokha, wa mwana amene anawoloka, koma kaimbidwe kake kananditayika.

Kaseti ya kwaya yathu ikadalipo m'nyumba zina. Anthu amaiika pa maliro, ndipo ena amandigwira dzanja n'kundiuza kuti inawatonthoza. Ndimavomera. Koma ikafika pa Ameni womaliza, onse akamadzuka, ine ndimakhalabe pansi kudikira kuti munthu atsokomole.