Maziko a Nyumba ya Mneneri

Aneba anga ku Ching'ambo kuno sadzala mtengo, sagulanso mchere wa mawa. Anakulira mu mpingo wina umene unkaletsa ana kupita kusukulu, ati dziko latsala pang'ono kutha. Anatulukamo imvi zitayamba kale, osatha ngakhale kulemba dzina lawo. Amakonda kunena kuti, "Ine zoganiza za mawa ndikuphunzira kumene."

Mwezi watha anapeza ganyu yokumba maziko ku Chibanja. Mwini nyumba atafika, anali mneneri wa mpingo uja, atanenepa. Mneneriyo sanawazindikire n'komwe.

"Mukumbe mozama chomene, dada," anatero mneneriyo. "Nyumba iyi adzakhalamo adzukulu anga."

Aneba anaika piki pansi, n'kumuyang'ana.

"Yewo, aneneri. Ndiye kuti dziko linathera ife tokha?"