Makina a Telala pabalaza pa alamu ake

Mlongo wanga wamng'ono anabadwa pa 9 Juni 1961, koma dzina lake linaiwalika kalekale. Aliyense amangoti a Telala, ngakhale mkazi wake yemwe. Anasoka zaka makumi anayi pakhonde la sitolo ya zitsulo, pa makina akuda opalasa ndi phazi. Sanali munthu wolankhulalankhula. M'kamwa mwake munkakhala mapini, mapini akachoka munkalowa ndudu.

Mu Febuluwale 2021 madokotala anamupeza ndi khansa ya m'matumbo. Anamuuza kuti amuchita opaleshoni, kenako alandira mankhwala amphamvu aja othothola tsitsi, ndipo mwayi wochira ulipo ndithu. Iye anangomva mawu oti khansa, zina zonsezo zinamudutsa. Loweruka, kutatsala masiku awiri kuti agonekedwe, anaitana abale ndi anansi n'kuyamba kuwagawira katundu wake. Nsapato zachikopa zinapita kwa mlonda wa pasitolo. Jekete linapita kwa mkulu wina wa kutchalitchi, wa mikono yaifupi. Njinga, wailesi, magalasi owerengera, mpaka galu, zonse zinapeza eni ake atsopano. Makina anawapereka kwa alamu ake, achimwene a mkazi wake, munthu amene anakalambira pa chiwongolero cha lole ndipo sanalowetsepo ulusi pa singano.

Ine ndinamuletsa. Ndinati, "Iwe, ukupupuluma."

"Achemwali, sindikufuna anthu adzakanganire zinthu zanga pamaliro," anandiyankha choncho.

Olandirawo analira kwambiri, kenako ananyamula.

Ndiye mlongo wangayo anachira. Sikuti zinali zophweka. Anasanza, tsitsi linatha, anawonda mpaka lamba tinamuboolera mabowo atsopano. Koma pa 3 Novembala dokotala anayang'ana zithunzi za m'mimba mwake n'kunena kuti sakuonamo kanthu. Anamulamula kuti asiye fodya, azidya masamba ndi zipatso, aziyenda pansi m'mawa uliwonse, ndiponso azibwera kudzapimidwa mpaka patatha zaka zisanu.

Anthu anakondwera, kungoti poseka ankayang'ana pansi. Mlonda akamuona akubwera ankabisa mapazi kuseri kwa chitseko. Mkulu wa jekete uja anasamukira pa benchi ya kumbuyo. Galu anamununkhiza kamodzi n'kubwerera kwa mbuye wake watsopano, kumene kunkagwa mafupa.

Telala sanaitanitse chilichonse mwa zimenezi. Ankangodutsa atavala patapata pa ulendo wake wa m'mawa, n'kumapereka moni kwa munthu ndi kwa katundu yemwe. "Mwadzuka bwanji a mlonda? Nanga nsapato zadzuka bwanji?" Chimene ankachifuna chinali makina okha. Popanda makinawo sankadziwa poika manja, ndipo manjawo akasowa chochita ankayamba kufufuza ndudu m'matumba.

Atapita kwa alamu ake anapeza makinawo ali pabalaza, atawafunditsa kansalu koluka, pamwamba pali TV ndi maluwa apulasitiki.

"Alamu, ndadzera makina."

"Khalani kaye pansi, alamu. Mukuoneka bwino. Dokotala wati chiyani kwenikweni?"

"Wati sakuonamo kanthu. Zikadzatha zaka zisanu zili chonchi, adzandimasula."

"Eya, ndi zimenezotu," anatero alamuwo, akusisita maluwa aja. "Makinawa ndi olemera. Tinawanyamula anthu anayi, mmodzi mpaka lero akudandaula msana. Ndikubwezereni lero, mawa mwadwalanso, tiyambirenso kunyamula? Tiyeni tidikire dokotala amalize ntchito yake."

Mkazi wa Telala atamva zimenezi anamanga nsalu m'chiuno kuti akawalalatire achimwene akewo, koma Telala anamukhazika pansi. M'mawa mwake Telala anayenda yekha mpaka kwa alamu akewo, atanyamula thumba la ulusi, tepi ndi kabotolo ka mafuta. Anatsitsa TV n'kuiika pansi, anapinda kansalu kaja bwinobwino, n'kukokera mpando.

"Makina ndi anu, alamu, sindikuwasuntha. Ndizingowapalasa kuti asachite dzimbiri m'zaka zisanuzi."

Atatero anathira mafuta m'makinamo n'kuyamba kupalasa.

Sabata isanathe, makasitomala anali atadziwa kumene telala wawo ali. Anayamba kufika ndi mayunifolomu a ana, mabuluku ong'ambika pakati, madiresi ofuna kuchepetsa. Poyesa zovala ankalowa m'chipinda chogona cha eni nyumba, chifukwa ndi mmene munali kalilole wamkulu. Alamu ankati akadzuka, ankapeza anthu atadzaza pa sofa, ndiponso bambo wina wonenepa ataima m'kakhonde ka m'kati atavala kabudula wam'kati yekha, akudikira kuti amuikire zipi.

Koma chimene chinawapweteka kwambiri si chimenecho. Telala uja wosalankhula, ndudu itachoka m'kamwa, m'kamwamo munatsala malo, ndipo munadzaza mawu. Akamayeza munthu m'chiuno ankaima n'kuyang'anitsitsa tepi.

"Bambo, chaka chatha chiuno ichi sichinali chonchi. Mukuwonda dala? Ayi? Nanga kuchimbudzi mukupita bwanji? Mumayang'ana musanathire madzi? Muziyang'ana. Ine ndinaona magazi miyezi ingapo, n'kumangoti ndi tsabola."

Akatero ankakweza malaya n'kuonetsa chipsera chake, n'kumayamikira dokotala kuti msoko wake ndi wowongoka, ngakhale kuti cha kumapeto anafulumira. Zonsezi zinkachitika alamu ali pa tebulo pomwepo ndi mbale ya chakudya.

Ena ankaseka, ena ankakwiya, ena ankapitadi kuchipatala. Kalipentala wina anakamupeza ndi kachotupa kakang'ono m'matumbo, n'kukachotsa kasanafike poipa. Anabwera kudzathokoza, ndipo anabwera ndi abale ake onse aamuna kuti nawonso adzamve. Anakhala pa sofa pomwe paja, ena pansi pafupi ndi TV, n'kumafunsana za m'mimba mpaka dzuwa kupendeka.

Alamu anasiya kudya masana. Kenako anasiyanso kudya m'mawa. Tsiku lina akudutsa pabalaza, Telala anaimitsa phazi.

"Alamu, buluku lanu likugwa. Taimani pomwepo."

"Ndisiyeni, alamu."

Koma tepi inali itazungulira kale.

"Mwatsika. Nanga kuchimbudzi mukupita..."

"Musandifunse zimenezo m'nyumba mwanga."

Anakana choncho pamaso pa anthu, koma mtima sunakhale m'malo. Anakapimitsa mobisa. Kuchipatala anawamwetsa mankhwala otsuka m'mimba, n'kuwalowetsa kapaipi kokhala ndi kamera, njira yake sindiitchula. Sanawapeze ndi kanthu. Dokotala anangowauza kuti azidya, ndipo ngati n'kotheka azidyera pamalo pabata.

Pa 22 Malichi 2022 ndinali kwa mlongo wanga, tikusenda malalanje pakhonde, pamene tinamva wilibala ikulira mumsewu. Anali alamu, okhaokha, thukuta lili kamukamu, makina atawamangirira ndi chingwe cha lole. Anthu anayi aja sanafunike. Anakankha mpaka pa sitepe, anakhala pansi, n'kupuma kaye nthawi yaitali.

"Nawa makina anu," anatero mpweya utabwerera. "Koma tipangane pamaso pa achemwali anuwa. Mukadzadwalanso, ine muzidzangondipatsa moni. Musadzandisiyire ngakhale batani."

"Nanga ayironi? Ndimaganiza kuti ayironi ikadzakhala kwa inu..."

"Ngakhale ayironi."

Telala anaganiza pang'ono, kenako anavomera, n'kugwirana chanza. Tinathandizana kulowetsa makinawo m'nyumba n'kuwaika pafupi ndi zenera. Alamu anakana tiyi, anatembenuza wilibala yawo n'kumapita, ndipo asanafike pa geti makina anali atayamba kale kulira.