Ndinamanga kapaipi ka giza ndi lekeni

Mwaswera bwanji nonse. Ndili kuchipatala, mwana wanga Tadala wapsa mwendo.

Kuresitihausi komwe ndimachapa ku Golomoti kwabwera alendo ndi galimoto yogonamo, ili ndi giza yake yotenthetsa madzi. M'mawa ndinaona kapaipi ka gizayo kakudontha. Ndinachita manyazi kuwauza, ndinangokamanga ndi lekeni ngati momwe timachitira pampopi. Masana paipi inaphulika, Tadala akusewera pomwepo.

Makaniko amene anabwera kudzakonza akuti kapaipiko kamadontha dala, mpweya ukachuluka uzitulukira pamenepo. Ananyamula lekeniyo n'kufunsa, "Wamanga apa ndani?" Ine ndinangoyang'ana pansi.

Mwana akungondigwira chitenje, akuti, "Amama, pepani." Akuganiza kuti walakwa ndi iye.

Bambo ake sakudziwa kuti ndinamanga ndine. Achemwali, ndiwauze bwanji?