Chaka Chimene Dramu ya Abambo Inkagunda

Mpaka lero ndikamva munthu akumenya chitsulo ndi hamala, khosi langa limayamba kuwawa lokha. Phokosolo limandibwezera kwathu kumtunda kwa Tsangano, nyengo yozizira ija ndili mu Sitandade 5. Nkhungu inkagona pa mizere ya kachewere mpaka dzuwa litakwera, ndipo zala zinkakana kugwira ngakhale chogwirira cha ndowa.

Abambo adabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi zinthu ziwiri: bokosi la masipanala ndi chifuwa. Chifuwacho chinkadana ndi chisanu. Kukangozizira ankatsokomola mpaka kugwira khoma, mpweya ukulira ngati mluzu. Utsi wa mbaula ndiye unkawabanika kotheratu, choncho zootha moto m'nyumba panalibe. Ndiye adapanga chimene adaona m'nyumba za mabwana kumeneko. Kuseri kwa nyumba adamanga ng'anjo ya njerwa n'kukhazikapo dramu. Paipi inkatenga madzi otentha kulowa nawo kuchipinda kwawo, kuzungulira m'mphepete mwa khoma, n'kubwerera kunsi kwa dramuyo. Pamwamba padali kapaipi kena koimirira, kotalika kupitirira mutu wa munthu, kamene ankati n'kopumira. Anthu ankabwera kudzagwira khoma lofundalo n'kumapukusa mitu. Abambo adayamba kupeza tulo.

Koma dramu sidzitungira yokha madzi. Kapaipi kopumira kaja kankalavula nthunzi ndi madzi tsiku lonse, ndipo m'mawa uliwonse dramu inkafuna kuwonjezera. Amayi adali oyembekezera, masiku atatsala pang'ono, choncho wotunga ndidali ine. Mjigo udali kutsidya kwa dambo. Ndinkatsika mame akuluma mapazi, kukwera, kutsikanso, kenako nkhuni, kenako sukulu, kumene ndinkangosinza aphunzitsi akulemba pabolodi. Ndisaname, dramu ija ndinkadana nayo ngati munthu.

Tsiku lina masana idayamba kugunda. Gu! Gu! Gugugu! Mapaipi ankanjenjemera, dothi la pakhoma n'kumayoyokera pa bulangete, nkhuku n'kubalalika pabwalo. Abambo adafumula moto msangamsanga. Phokoso lidaleka, koma chipinda nachonso chidazizira, ndipo chifuwa chidabwerera.

Apo ndiye padayambira ntchito yofufuza. Abambo ankasonkha moto pang'ono, n'kuika nsonga ya sikuludiraiva pa paipi, chogwirira chake kukhutu, kumvetsera ngati adokotala. Poyamba adati muli mpweya wotsekeredwa. Adamasula polumikizira, madzi n'kutayikira pansi. "Esinati, kandowa kamodzi, mwana wanga." Kandowa kamodzi ka abambo sikadali kamodzi ayi. Mawa lake dramu idagundanso. Adati ndi matope adikha pansi, n'kukhuthula dramu yonse, madzi ofiira akuyenderera mpaka ku khola la mbuzi. Kuidzazanso kudanditengera Loweruka lathunthu. Idagundabe. Adamanga mapaipi ndi mphira kuti asamamenye khoma. Idagundabe, mwinanso kuposa kale.

Mayi wina woyandikana nafe adati tiitane akulu a mpingo adzapemphere. Abambo adamuyankha kuti sadaonepo mzimu wodikira kuti madzi ayambe awira. Anthu adaseka, ine sindidaseke. Ndidali nditatopa mpaka m'mafupa, moti nthawi zina ndinkaima pakati pa dambo ndowa ili pamutu, misozi ikungotsika popanda wondimenya. Abambonso adali atatha. Maso adalowa m'kati, ndipo sipanala ankaigwira ndi manja awiri.

Kapaipi kopumira sankakaganizira n'komwe, poti kadali kabowo chabe. Koma madzulo ena, dzuwa likupendeka, adakhala pa njerwa akupuma, n'kukweza maso. Madzi ankawira, dramu ikugunda, koma kapaipiko kadali zii, osatulutsa ngakhale kanthunzi. Adafumula moto, n'kudikira kuti kuzizire, kenako adakwera pa ng'anjo ndi waya wopinda kunsonga. Adakoka, adakoka, mpaka chidatuluka: chitsononkho chokulungidwa m'kansanza, chakuda ndi dzimbiri.

"Waika ichi ndani?" adafunsa akuyang'ana ine.

Amayi adali pakhonde akusankha mbewu ya kachewere. Sadadzutse n'komwe mutu. "Ndine, bambo a Esinati. Ndidakwera pa mtondo. Kankataya madzi."

"ANangondo! Dramu iyi ikadaphulika! Mukadatipha tonse m'nyumba muno!"

Amayi adadzuka pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. Adandikoka, n'kundivula duku, n'kuweramitsa mutu wanga pamaso pa abambo. Pa liwombo, pomwe pankakhala nkhata, tsitsi lidali litatha. Padali dazi lalikulu ngati chikhatho, lotuwa, losupuka m'mbali. Ineyo ndinkalibisa chifukwa cha manyazi.

"Madzi amene kankatayawo ndi awa," adatero amayi.

Abambo adayang'ana nthawi yaitali. Adagwirapo ndi chala chonunkha girisi, mofatsa kwambiri, ngati akuopa kuti pabooka. Kenako adaponya chitsononkho chija m'phulusa, n'kutolera masipanala awo.

M'mawa mwake nditanyamula ndowa, adandiitana ali pakhomo, atavala jasi lawo lalitali la ku Joni. "Isiye ndowayo. Dramu yang'aluka kunsi chifukwa cha kugunda kuja. Singakonzekenso."

Mayo ine, chimwemwe chake! Ndidathamanga mpaka kusukulu, n'kufika belu lisanalire, koyamba nyengo yonseyo. Masiku otsalawo abambo ankakhala pa mpando atadzikulunga bulangete, kumatsatira dzuwa kuzungulira nyumba. Chifuwa chawo chinkamveka mpaka kumsewu. Tsitsi langa lidamera mwana wathu wakhanda asanayambe kukwawa. Nyengo yozizira yotsatira idatipeza tili atatu, ine, amayi ndi mwanayo.

Ndili mwana ndinkati dramu ija idandichitira chifundo pong'aluka, ndipo ndinkaithokoza mumtima. Maliro atatha, amayi adaitsitsa pa ng'anjo n'kuiika pansi pa malata kuti izilandira madzi a mvula. Ilipo mpaka lero kuseri kwa khitchini. Ndikapita kumudzi ndimaigwira kunsi kwake, ndipo pamakhala pouma. Sinadonthepo ngakhale tsiku limodzi.