Nkhuku Imene Ndinakana kwa Msakambewa

Anzanga, a Faines ndinakumana nawo m'chigafa cha fodya ku Mvera, nyengo yosankha masamba. Eni munda sanandiitanire luso ayi, manja angawa analema kale. Ankafuna ndizisimba nkhani kuti osankha asamawodzere. Inu amene mumanditsata pano mukundidziwa ine Elifala, pakamwa pangapa sipatsekeka.

Ndili mkati mosimba, mayi wina pakona anaseka mpaka masamba kumugwa pamiyendo. Ndinafunsa monong'ona, akuti ndi wamasiye wa kwa Msakambewa, wabwera kudzathandiza achibale.

Poweruka anandiuza kuti ndine wabodza wamkulu, koma bodza langa ndi lokoma. Ine nkhalamba yoti mkazi anandisiya kumanda kalekale, ndinangopezeka ndikuwaperekeza mpaka pokwerera kabaza.

Zinayamba choncho. Lero andibweretsere chiponde, mawa ine ndiwadulire mzimbe. Mapeto ake anati ukulu wathuwu si wozemberana ngati ana asukulu, ndikaonekere kwa alongo awo, a Enoki. Tsiku tinapangana.

Koma m'sabata yomweyo anati tijambule selefi pafoni yawo. Titaiona, iwo mano mbee, ngati chimanga chongotonola kumene. Ine... anzanga, chingambwe ndinayamba kusuta ndili mnyamata. Mano anga anali ngati mtedza wopserera m'chiwaya. Mtima unandiwawa.

Lachiwiri ndinatsetsereka kumsika wa pa Dzaleka. Pa benchi ina ndinaona mankhwala otsukira mano, pachikuto pali chithunzi cha munthu akuseka, mano kuwala ngati malata atsopano. Wogulitsa anati amenewo ndi oyeretsa. Sukulu sindinapondeko ine, ndiye zolembedwapo sindinalimbane nazo.

Nzeru zanga zinali za kumunda: mbewu ikamachedwa, umaonjezera feteleza. Ndinkapaka ambiri, n'kuwavumata nthawi yaitali osalavula. M'kamwa mutayamba kuyabwa ndi kutentha, ndinati eya, agwira ntchito. Ndinapitiriza.

Podzafika tsiku lopangana, milomo inali itatupa ngati ndalumidwa ndi njuchi. M'mbali mwake munang'aluka, nkhama zili psuu, khungu la m'masaya likusupuka lokha. Ngakhale madzi ankandiwawa.

Mng'ono wanga Bryson, yemwe anali nkhoswe yanga, anati tiimbe foni tinene zoona. Ndinakana. Ndinatenga masiki yotsala nthawi ya korona ija, n'kuvala.

Titafika, a Enoki anatilandira ndi nthabwala.

“Alamu, korona inathatu kale. Mwabwera kudzafunsira kapena kudzaba mbuzi?”

Anthu anaseka. Ine ndinangoti ndi kachimfine. Mawu anatuluka ngati ndavumata mbatata yotentha, ine amene ndimadziwika ndi kulankhula.

Zokambirana zinayenda bwino, Bryson anayankhula m'malo mwanga. Kenaka chakudya chinabwera. Anali atapha tambala, ndipo a Enoki ndi dzanja lawo anandiikira nthutumba m'mbale mwanga. Kwathu kuno mukudziwa, chiwalo chimenecho amapatsa mlendo amene amulandira ndi mtima wonse.

Kuti ndidye, ndimayenera kuvula masiki.

Ndinati ndakhuta.

A Enoki anabweza dzanja pang'onopang'ono, n'kufunsa Bryson ngati kwathu timadya zapamwamba kuposa izi. Bryson anandiponda chala pansi, ine maso ali pambale.

A Faines anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

“A Elifala, vulani ndione.”

“Ndi chimfine chabe, mayi.”

“Chimfine chimatupitsa milomo? Ikuonekatu m'mbali mwa kansaluko. Vulani.”

Ndinagwira masiki ija ndi dzanja, ngati mphepo ikufuna kuilanda. Kenaka anandiuza zimene sanandiuzepo. Malemu amuna awo anabisa matenda mpaka anachita kuwanyamula pa njinga, ndipo iwo anakamvera kwa anamwino kuti ngakhale iwonso ayezetse.

“Matenda sindiwaopa ine,” anatero. “Wodwala ndinasamala mpaka kumuika. Ndimaopa munthu wobisa. Ndikufunsaninso, muvula?”

Anzanga, chinali chiyani kungonena? Koma ndinaganiza zoti mudzi wonse umve kuti gogo Elifala wadziwotcha pakamwa pofuna mano a mnyamata. Ndinaona ana akundiyeserera panjira. Manyazi anandigwira.

Ndinati palibe choti aone.

Anabwerera m'nyumba osatembenuka. Ife tinanyamuka opanda wotiperekeza.

M'mawa mwake Bryson anandikokera kuchipatala. Adokotala anasuzumira m'kamwa, n'kufunsa chimene ndasintha masiku amenewa. Nditatulutsa mankhwala aja, anati thupi langa silikugwirizana nawo, ena zimawachitikira ndithu, ndipo kuvumata kuja kunaonjezera moto. Anati ndiwasiye, anandipatsa timapiritsi ndi opaka. Posakhalitsa m'kamwa munapola. Mano osasintha ngakhale pang'ono!

Ndinabwerera kwa Msakambewa ndekha, nkhope ili pambalambanda. A Enoki atandiona anatenga khasu n'kulowera kudimba. A Faines ndinawapeza akusenda mtedza pakhonde. Ndinafotokoza zonse, osakometsera ngati mmene ndichitira ndi nkhani zanga zija.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Sanaseke.

“Mukanavula tsiku lija, tikanaseka tonse awiri, ine n'kukuphikirani phala. Koma ndinakupemphani, mutamva za malemu aja, inu n'kundiyang'ana m'maso kuti palibe kanthu. Nanga likadzabwera vuto lenileni?”

Anandipatsa madzi akumwa monga apatsira wodutsa m'njira, n'kundifunira ulendo wabwino.

Ndiye anzanga, wokukondani akati vulani ndione, muonetseni, ngakhale zikhale zochititsa manyazi chotani. Ine pakamwa panapola, nditha kudya chilichonse. Koma ndimadya ndekha.